Agogo anyamula akwati ka 50

Loweruka lapitali, ndikutsegulira mkwatibwi chitseko pakhomo pa tchalitchi kuno ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, mayi akunyumba anandinong'oneza kuti, "Bambo, mwawerenga? Ukwati umenewu ndi wa 50." Ndinangoima chitseko chili m'manja, misozi ili lengelenge. Galimoto yomwe anthu ankaiseka kuti ndi yonyamula maliro, lero ndi imene akwati amailimbirana.

Kwa amene simunawaonepo, Agogo ndi galimoto yathu, Buick Roadmaster Estate ya 1996. Dzinali anapereka ndi ana athu. Ndi imodzi mwa magalimoto otsiriza a mtundu wake, chifukwa chaka chomwecho General Motors inasiya kuwapanga ku fakitale yake ya ku Arlington, ku Texas, anthu atayamba kuthamangira ma SUV. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita asanu ndi theka. M'mbali mwake muli mapepala ooneka ngati matabwa, padenga pamwamba pa mpando wapakati pali galasi loonera kumwamba, ndipo kumbuyo kwenikweni kuli mpando wachitatu woyang'ana kumene mukuchokera. Mumakwana anthu asanu ndi atatu, woyendetsa yemwe. Chitseko chakumbuyo chimatsegukira pansi ngati cha lole, komanso cham'mbali ngati cha nyumba.

Chilakolako chimenechi ndinachoka nacho kumudzi. Ndili mwana ku Ntcheu, amalume anali ndi Peugeot 504 ya mizere itatu ya mipando. Ikafika pa Khrisimasi tinkalowamo tonse, nkhuku ndi matumba a mbatata zomwe, ulendo wa ku Balaka. Nditabwera kuno n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba, usana ndi usiku, ndinaona kuti mabanja athu amayenda mobalalika. Ku ukwati bambo yawo, mayi yawo, ana yawo. Ndinkafuna galimoto yoti tonse tikhalemo, tiziyenda pang'onopang'ono, nkhani zikuphulika.

Ndinaisaka kwa miyezi yambiri. Dera lino m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo mcherewo umadya zitsulo. Zitatu zimene ndinakaona pafupi zinali zonyezimira pamwamba, koma nditagona pansi ndi tochi ndinapeza dzimbiri loti chala n'kulowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yathuyi ndinakaitenga ku Tennessee, kwa mayi wina wachikulire yemwe amuna ake anamwalira ataisunga m'galaja zaka zonsezo. Pondipatsa makiyi anandigwira dzanja, amvekere, "Muzikwezamo ana." Lonjezo limenelo ndikulisungabe.

Obwereketsa ndalama awiri anandikaniza. Wina mpaka anaseka pafoni atamva chaka cha galimotoyo, n'kundiuza kuti atha kundipatsa ngongole ya galimoto yatsopano yodula kuwirikiza kanayi, pa chiwongoladzanja choti n'kugwa nacho chagada. Achimwene inu, ngati mukuwerenga, dziwani kuti tilibe ngongole kwa munthu aliyense. Anatithandiza ndi amayi a chipereganyu, amene anavomera kuti mayi akunyumba alandire msanga mwezi wawo usanafike.

Sindinagule ndi cholinga cha bizinesi ayi. Chilimwe choyamba tinkangoyenda nayo Lamlungu madzulo, kudzera msewu wa Red Arrow Highway kukaona dzuwa likulowa pa nyanja ya Michigan ku St. Joseph, ana ali kumpando wakumbuyo akubayibitsa magalimoto otitsatira. Injini yake ndi V8 ya malita 5.7, ya mtundu wa LT1, m'bale wake wa imene inkaikidwa mu galimoto yaliwiro ya Corvette, koma siyokuwa. Imangong'ung'udza chapansipansi, galimoto n'kumayandama ngati bwato pa Mangochi kulibe mwera. Paliponse pomwe taima, azungu achikulire ankabwera kudzatiuza kuti bambo awo anali nayo yotere. Tsiku lina pa chikondwerero chathu cha 6 July, mlongo wina anandifunsa ngati ndingamunyamule pa ukwati wake. Apongozi ake anakana poyamba, ati ikufanana ndi ya maliro. Titaikongoletsa ndi nsalu za chitenje ndi maluwa, iwo omwewo ndi amene anayamba kukwera. Bizinesi inayambira pamenepo.

Tsono ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinatsala pang'ono kusiya zonse. Injini ya LT1 ili ndi kachipangizo kogawa moto kotchedwa Optispark, komwe kanaikidwa kutsogolo kwa injini, kuseri kwa pampu ya madzi. Pampuyo ikayamba kudontha, madzi amagwera pomwepo, moto n'kusokonekera. Ndinkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ndinagula katsopano pasadakhale kwa wogulitsa wina wa pa intaneti yemwe analumbira kuti n'kenikeni. Sikanathe ngakhale mwezi. Kanafa tili pakati pa msewu, kuchoka ku tchalitchi kupita ku holo, mkwatibwi ali m'kati ndi velo lake, mvula ikugwa. Ndinapukusa kiyi kasanu, zii. Akwati anakafika pa galimoto ya ankhoswe, ine ndinatsala ndikudikira yokoka, suti yonse chonyowa.

Ndalama zawo ndinabweza zonse usiku womwewo, ndipo m'mawa mwake ndinapita ndi mayi akunyumba kukapepesa kwa makolo a mbali zonse ziwiri. Maukwati atatu amene anali atalembetsa anasintha maganizo, ndipo sindiwaimba mlandu. Wogulitsa uja mpaka lero sanayankhe uthenga wanga ndi umodzi womwe. Bwana, katundu wanu ndinamusunga pa shelefu m'galaja, ndimaonetsa aliyense wofuna kugula kwa inu.

Nyengo yozizira yonse ya chaka chimenecho Agogo anali pa majeki. Ine ndi makaniko wathu, bambo wachikulire yemwe abambo ake ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ya Studebaker kuno ku South Bend isanatsekedwe mu 1963, tinasintha pampu ya madzi, Optispark, mapaipi onse a mabuleki ndi a mafuta, mashokabu akumbuyo, ndipo giyabokosi tinaipititsa kwa akatswiri. Chiyambire pamenepo sinazimenso panjira. Komabe pa ukwati uliwonse mlamu wanga amatitsatira pambuyo ndi galimoto ina yopanda munthu, ndipo simulipira kanthu pa imeneyo.

Ndithokoze Mulungu poyamba. Ndithokoze mayi akunyumba, amene amasita nsalu zokongoletsera mpaka pakati pausiku atachoka ku ntchito atatopa. Ana athu, amene amatsuka matayala Lachisanu lililonse osanyinyirika. Amayi a chipereganyu, Ambuye akudalitseni, inu ndi amene munagula galimotoyi. Makaniko wathu, yemwe masiku ena ankakana kulandira ndalama n'kungopempha mandasi. Mlamu wanga. Abusa ndi akwaya a ku mpingo kwathu. Abale a ku Berrien Springs, Elkhart, Indianapolis ndi Chicago amene mwakhala mukutitchula kwa anzanu. Ndipo mwapadera banja lija la tsiku la mvula: munatikhululukira, ndipo chaka chatha munatiitananso kuti tikatenge mwana wanu woyamba kuchipatala. Sindidzaiwala.

Tsopano tatsegula kalembera wa chaka chamawa. Agogo amayenda kuyambira May mpaka October basi, mchere ukangothiridwa m'misewu timawalowetsa m'nyumba. Timanyamula akwati, a chinkhoswe, omaliza maphunziro, ojambulitsa zithunzi, komanso makolo obwera kuchokera kumudzi amene mukufuna kuwachingamira mwaulemu ku bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago. Masutikesi awo onse amalowa, ngakhale aja odzaza ufa ndi usipa. Tilinso ndi ulendo wa Lamlungu madzulo wa kunyanja, anthu asanu ndi awiri, ndipo mu August timapita ku Woodward Dream Cruise kufupi ndi Detroit, komwe magalimoto akale amadzaza msewu tsiku lonse. Tili ndi inshulansi yonyamulira anthu, woyendetsa ndine ndemwe, ndipo mowa sulowa m'galimoto. Ma Loweruka a June ndi July amatha msanga, choncho ankhoswe musadikire tsiku lithine. Tilembereni pa Facebook, kapena bwerani kunyumba mudzakwere kaye, tizungulire tauni, mudzamve nokha mmene mpando wake umakulandirirani.