Levitiko ndamumaliza abale!

Abale ndiyamikireni, lero ndamaliza Levitiko, machaputala onse 27! Chaka chilichonse ndimayamba bwinobwino ku Genesis, Eksodo ndimadutsa, koma ndikangofika pa malamulo a nsembe ndi khate aja tulo timandigwira, Baibulo n'kulitseka mpaka Januwale winayo kkkk. Ulendo uno ndimawerenga limodzi ndi Ahebri ndiye zinthu zayamba kumveka, za mkulu wa ansembe kulowa m'malo opatulikitsa kamodzi pachaka pa chaputala 16 zija, Ahebri 9 akuti zimaloza kwa Yesu. Komanso mawu oti uzikonda mnzako monga udzikondera mwini kani ali pa Levitiko 19:18? Ine ndimayesa anayambira mu Mateyu. Mawa ndiyamba Numeri, mundipempherere, mayina ndi manambala aja si masewera.