Sikirini yotchipa inandilanda chidindo cha chala: momwe ndinakonzetsera foni ku Tete

Lero ndi tsiku lachinayi foni yanga ikutsegukanso ndi chala monga kale, ndipo ndaganiza zolemba zimene ndadutsamo mtima ukadali wowawa, chifukwa kuno ku Angonia alipo ambiri amene sikirini ya foni yawo inasweka ndipo akukonzekera kukwera chapa (minibasi) kupita ku Tete osadziwa chimene akukagula. Ine zanditengera masabata atatu, maulendo awiri a mumzinda, tsiku lathunthu pamzere wa kubanki, ndiponso ndalama zimene zikanakwana kugula foni ina yatsopano.

Foniyo inapulumuka m'thumba la malaya pamene tinkakweza matumba a mbatata ya kachewere m'lole ku Ulongwe, ndipo inafikira pamwala. Galasi linang'aluka ponseponse, theka la sikirini linada bii, koma inkalirabe munthu akaimba. Amisiri a pafupi ndi kwathu analibe sikirini ya mtundu wake, choncho ndinadzuka mbandakucha n'kukwera chapa yodzera pa Mussacama ndi ku Moatize, ndipo pamene tinkawoloka Zambezi pamlatho wa Samora Machel n'kuti dzuwa la ku Tete litayamba kale kuotcha.

Ndinalowa m'kashopu kena kamene mnzanga wapamsika anandilozera. Mnyamata wa pamenepo anaitembenuza foniyo kawiri, kenako anati: “Bambo, masikirini alipo awiri, ya 3,500 meticais ndi ya 8,000, koma kaonekedwe kake ndi kamodzi, kusiyana ndi dzina chabe.” Munthu amene wasiya katundu pamsika ndipo akuganiza za ndalama yobwerera sangasankhe ya 8,000 atauzidwa kuti zonse ndi chimodzimodzi. Ndinasankha yotchipa. Patatha ola limodzi anaiyatsa, foni inafunsa nambala yachinsinsi, ndinailemba, zithunzi zinaoneka bwinobwino, ndinalipira n'kuthamangira kokwerera chapa. Lisiti sanandipatse, nanenso sindinafunse.

Apa m'pamene pali msampha, ndipo ndikupempha aliyense amvetse. Foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, siilola chala kapena nkhope pa kutsegula koyamba, imafuna nambala yachinsinsi basi. Choncho mmisiri akakupatsani foni yongoyatsidwa kumene, inu n'kuitsegula ndi nambala, simunayese kanthu. Muyenera kuikiyanso ndi batani la m'mbali, ndiyeno n'kuika chala, kasanu kapena kakhumi, musanatulutse ngakhale khobidi limodzi. Ine ndinazindikira titadutsa kale Moatize. Kachizindikiro ka chala kankaoneka pansi pa sikirini, ndinkaika chala chachikulu, foni inkangokhala duu.

Chifukwa chake ndinadzachimva pambuyo pake kwa mmisiri wachiwiri, koma ndichifotokoze pano. Foni yanga ndi ya mtundu umene kachipangizo kowerenga chala kali pansi pa galasi. Kachipangizoko kwenikweni ndi kakamera kakang'ono. Mukaika chala, sikirini imawala kwambiri pamalo amenewo, kuwalako kumagunda mizere ya chala n'kubwerera, ndipo kakamerako kamajambula mizereyo kudzera m'sikirini momwemo. Izi zimatheka chifukwa sikirini ya AMOLED, mtundu umene foni yanga inabwera nawo, ndi yopyapyala, kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo kumbuyo kwake kulibe nyale. Sikirini yotchipa ija, imene amisiri amaitchula kuti incell, ndi ya LCD, ili ndi chigamba cha nyale kumbuyo chimene chimatseka kakamerako. Ngakhale mutapukuta chala chotani, kakamerako sikangaone kanthu. Mnyamata uja ankazidziwa zimenezi, chifukwa ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo ichi n'chimene chimandipwetekabe mtima kuposa ndalamazo.

Nditafika kunyumba ndinati ndingoyamba kutsegula ndi nkhope. Alamu anga, amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg ndipo anabwerako ndi iPhone, anakondwa kwambiri, popeza takhala tikutsutsana za nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Iwo amati chala ndi zachikale. Amakumbutsa kuti Apple inaika chowerenga chala pa iPhone 5s mu 2013, koma pofika 2017 inachichotsa pa iPhone X pamodzi ndi batani la pansi lija, n'kuika Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, ndipo sikirini inadzaza kutsogolo konse kungotsala kampata kakuda pamwamba. Amanenanso, ndipo akunena zoona, kuti malinga ndi Apple mwayi woti mlendo atsegule foni yanu ndi nkhope yake ndi umodzi pa 1,000,000, pamene wa chala unali umodzi pa 50,000. “Alamu, mwangovutika chabe,” anatero, “foni iziona nkhope yanu, nkhani yatha.”

Koma nkhope ya pa foni yawo ndi ya pa foni yanga si chinthu chimodzi, ndipo anthu ambiri amasokoneza pamenepa. M'kampata kakuda ka iPhone kaja muli kachipangizo koponya timadontho toposa 30,000 ta kuwala kosaoneka ndi maso, timene timayeza kuzama kwa mphuno, masaya ndi maso, n'chifukwa chake imatsegula ngakhale mumdima ndipo chithunzi cha papepala sichingainamize. Foni yanga, monga mafoni ambiri a Android a mtengo wapakati amene tili nawo kuno, ili ndi kabowo kamodzi kokha pamwamba pa sikirini, momwe muli kamera wamba yojambulira. Kabowoko kamakongoletsa foni chifukwa sikadya malo, koma kamerayo imangoyerekezera chithunzi ndi chithunzi. Ngakhale foniyo payokha inandichenjeza polembetsa nkhope, kuti njirayi ndi yosalimba poyerekeza ndi chala kapena nambala, ndiponso kuti munthu wofanana nane akhoza kuitsegula. Madzulo magetsi akazima inkakana. Padzuwa lamasana, likakhala kumbuyo kwanga, inkakananso. Pa njinga yamoto, nditavala chipewa choteteza mutu, panalibe n'chiyembekezo chomwe. Tsiku lina mng'ono wanga, amene anthu amati tinatengana nkhope, anainyamula patebulo ndipo inatseguka, mauthenga onse a makasitomala ali poyera. Usiku womwewo ndinafufutamo nkhopeyo. Kwa amene mukugwiritsabe ntchito njirayi, yang'anani ngati foni yanu ili ndi posankha poti maso akhale otsegula, ndipo muyatse pamenepo, kuti wina asakutsegulireni foni muli m'tulo.

Chimene chinandikhaulitsa kwambiri ndi pulogalamu ya kubanki. Kwa zaka ziwiri ndinkalowamo ndi chala, moti mawu achinsinsi ndinali nditawaiwala. Nkhope ya kamera wamba pulogalamuyo siilandira, chifukwa Android imasiyanitsa njira zolimba ndi zosalimba, ndipo mapulogalamu a ndalama kawirikawiri amafuna zolimba zokha. Ndinayesa kukumbukira, ndinalakwitsa katatu, akaunti ya pafoni inatsekedwa pa sabata imene ndinayenera kulipira alimi awiri a ku Domwe. Mwayi wake M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, imayenda ndi nambala yake yachinsinsi, ndiye ndinawatumizirako pang'ono kuti asaganize kuti ndathawa ndi mbatata zawo. Kubanki ndinafika 7 koloko m'mawa, BI (chiphaso cha unzika) ili m'manja, ndipo ndinathandizidwa dzuwa litapendeka, ntchito yeniyeniyo n'kungotenga mphindi khumi. Lembani mawu achinsinsi a kubanki m'kabuku ka kunyumba foni isanapite kwa mmisiri. Ndaiwala kunena koyambirira kuja kuti muchitenso chimodzimodzi ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google, chifukwa mmisiri akafufuta zonse za m'foni, foniyo idzafuna akaunti yomwe inalimo kale isanalole munthu kulowa. Chotsaninso SIM khadi ndi memori khadi, ndipo akakupemphani nambala yachinsinsi kuti ayesere, muilembe nokha muli pomwepo.

Ulendo wachiwiri wa ku Tete ndiwo sindidzauiwala. Ndinafika pakashopu kaja cha m'ma 10 koloko, ndipo kamnyamata kothandizira kanati mwiniwake wapita ku Moatize, abwera posachedwa. Ndinakhala pabenchi la matabwa pansi pa malata otentha ngati chiwaya, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato, ndikugula madzi a m'botolo limodzi pambuyo pa linzake. Ife a kumapiri kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi sitinakuzolowere. Nthawi ya nsima inadutsa, 2 koloko inakwana, ndikungouzidwa kuti ali m'njira. Anatulukira itadutsa 4 koloko, chapa zobwerera ku Angonia zitatha kale. Nditamufotokozera, sanaigwire n'komwe foniyo. Anati: “Bambo, inu munasankha nokha yotchipa, za chala simunafunse. Lisiti lili kuti?” Ndinamukumbutsa mawu ake oti kusiyana ndi dzina chabe, iye anakana kuti sananenepo zotero, n'kuwonjeza kuti ndikafuna sikirini inayo ndilipire 8,000 yonse, ya 3,500 ija sangailandirenso chifukwa yamatidwa kale. Ndinaona kuti ndikapitiriza kulankhula ndichita zinthu zosayenera msinkhu wanga. Ndinatuluka, n'kukagona kwa achimwene a mayi a kunyumba ku Matundo, tsiku lonse la malonda litapita pachabe.

M'mawa mwake iwo ananditengera kwa mmisiri wina, bambo wachikulire wa magalasi a maso, amene anayamba ndi kundifunsa mtundu wa chowerenga chala asanatchule mtengo. Anatulutsa sikirini ya AMOLED m'kabokosi, n'kuitembenuza, n'kundionetsa kazenera kozungulira kumbuyo kwake, kochepa kuposa chikhadabo, kamene kamagwirizana ndi kakamera kaja. Atachotsa ya incell anaziika pamodzi patebulo kuti ndidzionere ndekha, ndipo inayo kumbuyo kwake kunali kotsekeka konse. Atamata yatsopanoyo sanandipatse foni nthawi yomweyo. Anati kakamerako kayenera kuphunzitsidwanso kuona kudzera m'galasi latsopano. Anatenga timphira ting'onoting'ono m'kachitini, koyera ndi kakuda, n'kumatiika pamalo a chala kamodzikamodzi pamene foni inkawerenga, mpaka inavomera. Amisiri ena amadumpha gawo limeneli, ndipo zikatero ngakhale sikirini yabwino imawerenga chala mwa apo ndi apo. Ndinalipira 7,500 meticais, koma ndisanalipire ndinaikiya ndi kuitsegula foniyo kakhumi, iye akundiyang'ana mosatekeseka. Yesani chala musanalipire, ndikubwerezanso, ndipo yesani foni itakiyidwa kachiwiri, osati itangoyatsidwa.

Anandiphunzitsanso kalembetsedwe ka chala, kamene ine ndinkakachita mosasamala. Galasi loteteza, limene kuno timati pelikula, liyambe lamatidwa, ndiyeno zidindo zakale zifufutidwe ndi kulembetsa zatsopano, chifukwa foni iyenera kuchidziwa chala monga momwe chikuonekera kudzera m'pelikulayo. Pelikula yokhuthala kwambiri, kapena yakuda ija yobisa sikirini kwa anthu a pambali, imavutitsa kachipangizoka. Atayang'ana manja anga anati ndilembetse chala chachikulu chimodzimodzicho kawiri, kamodzi chili chouma monga chimakhalira ndikamagwira matumba, kachiwiri nditachipaka mafuta pang'ono, ndi kuwonjezera chala cha dzanja linalo. Zala zathu za ku Angonia zimang'aluka m'miyezi yozizira ya June ndi July, dothi limalowa m'ming'alumo, ndipo mizere ya alimi ambiri inafufutika ndi mpini wa khasu. Chikakana m'mawa wozizira, kuchiuzira mpweya wa m'kamwa kumathandiza.

Alamu sanagonje, ndipo pena ali ndi mfundo. Mayi a kunyumba nawonso ali mbali yawo, amati munthu amene manja ake amakhala m'madzi ndi mu ufa tsiku lonse chala chimamukana, pamene nkhope ikanamutsegulira osagwira kanthu. Ine ndinawakumbutsa alamuwo za 2020, pamene tonse tinkavala zotchinga kukamwa ndi mphuno chifukwa cha Covid-19, iwo n'kumalemba nambala pa foni yawo yodula, mpaka mu 2022 pamene Apple inalola Face ID kugwira ntchito munthu atavala chotchingacho, kuyambira pa iPhone 12 kupita m'tsogolo. Ndinawauzanso zimene mmisiri wachikulire uja ananena, kuti pa ma iPhone ambiri kachingwe kena ka Face ID kamakhala pa sikirini, ndipo wosintha sikiriniyo akakadula, nkhope imasiya kugwira ntchito. Anakhala chete pang'ono, kenako anati iwo foni yawo saigwetsa.

Kwa ine nkhani yasanduka ya sikirini tsopano. Foni yotsatira ndidzagula ya sikirini yafulati, osati yopindika m'mbali, chifukwa yopindikayo ndi yodula kusintha ndipo pelikula siigwira bwino m'mphepete. Ndidzafunanso kuti chowerenga chala chikhale pa batani la m'mbali kapena kumbuyo, monga zilili pa mafoni ambiri otchipa amene anyamata onyamula matumba ali nawo. Chimenecho sichidalira galasi, moti sikirini ikasweka mukhoza kuika ya mtengo uliwonse chala n'kumagwirabe ntchito, ndipo foni imatseguka ikamatuluka m'thumba, musanaiyang'ane n'komwe. Mmodzi mwa anyamatawo anasinthitsa sikirini yake ku Ulongwe komweko sabata imene ine ndinali pabenchi lija ku Tete, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anali akutsegula ndi chala.

Sikirini ya incell ija ndinabwera nayo m'kapepala ka pulasitiki, ili m'kabati, ndipo ndikuionetsa aliyense wapamsika amene wandiuza kuti akupita kukakonzetsa foni, kuti aone kumbuyo kwake ndi kudziwa chofunsa. Lisiti la mmisiri wachiwiri, pamene analembapo ndi dzanja lake mawu oti AMOLED ndi tsiku lake, ndalisunga m'chikwama pamodzi ndi BI.