Buluu wa pa kompyuta si wa pa pepala

Atandipatsa ntchito yokonza kabuku ka chikondwerero cha kwaya yathu, ndinkati ndimaliza madzulo amodzi. Ndinatha masabata awiri.

Ndinayambira pa chikuto. Yunifolomu yathu ndi ya buluu wowala, ndiye ndinathira buluuyo tsamba lonse, zilembo zachikasu. Pa kompyuta zinkachita kunyezimira. Nditapita kukasindikiza tsamba limodzi longoyesera, buluu uja anatuluka wozimirira, wopita ku pepo. Mnyamata wa pa makina anaseka: "Achimwene, mwabweretsa RGB apa, ife timagwira CMYK." Anandifotokozera kuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala (ndiyo RGB), pomwe makina amasakaniza inki zinayi (ndiyo CMYK), ndipo buluu wowala choncho inki siimufikira. Ndinasankha wina wofatsa, n'kumusiya pa kamzere kamodzi m'munsi mwa chikuto. Mkati monse moyera, zilembo zakuda. M'tchalitchi mwathu simuwala kwenikweni, ndipo agogo athu chikasu pa buluu akanangochiyang'ana ngati chitenje.

Masamba ndiwo anandizunguza mutu. Ndinali nawo 14, koma pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba anayi a A5, kotero kabuku kobaya ndi sitepula pakati kamayenera kukhala ka masamba 12, 16 kapena 20. Ndinawonjezera awiri a nyimbo. Kenako ndinatenga mapepala anayi opanda kanthu, n'kuwapinda pamodzi, n'kulemba manambala ndi pensulo. Nditawatambasula ndinapeza 16 atagona pambali pa 1, kuseri kwake 2 ndi 15, ndipo 8 ndi 9 ali pakati penipeni. Pamenepo ndi pomwe ndinaika chithunzi cha kwaya yonse, chifukwa ndi malo okhawo omwe chithunzi chimayala masamba awiri pa pepala limodzi, osadula nkhope ya munthu.

Chithunzicho chinabwera pa WhatsApp, ndipo nditachikulitsa nkhope zinasanduka phala. Ndinachita kupempha kuti chitumizidwenso ngati document kuti chisafinyidwe.

Chichewa nacho chili ndi khalidwe lake pa tsamba laling'ono. Mawu ngati "tidzakutamandani" ndi aatali, ndiye ndikati mizere ifanane mbali zonse ziwiri, pakati pamatsala mipata yoti mbuzi n'kudutsa. Ndinangoiyalanitsa kumanzere. Zilembo zokongola zomwe ndinasankhira mitu zinalibenso ŵ. Pa dzina la Malaŵi panatuluka kabokosi. Ndinazitaya ndikudandaula.

Chomaliza chinali kamzere ka buluu kaja. Mnyamata wa pa makina uja anandiuza kuti ndikapitirize mamilimita 3 kunja kwa tsamba, kuti mpeni ukapatuka pang'ono podula pasaoneke choyera m'mphepete. Ndinasunga zonse mu PDF, n'kusindikiza kabuku kamodzi kokha kaye. Mayi wina wa alto atakatsegula, sanaone n'komwe za buluu. Anangoloza tsamba 5: "Koma dzina langa mwalilemba molakwika."