Ulendo wa aphunzitsi a mpira wa ana ku Hannover, kwawo kwa Per Mertesacker

Mizinda ya Blantyre ndi Hannover ili paubale kuyambira m'chaka cha 1968, ndipo n'chifukwa cha ubale umenewu kuti ife aphunzitsi a mpira wa ana ochokera ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni tinapeza mwayi wokaona mmene anzathu a ku Germany amalerera osewera. Za ndege ndi kuzizira sinditayirapo nthawi. Zoti tikaone zinali zambiri, koma nkhani imene inatitsatira kulikonse, m'basi ngakhale pa chakudya, inali ya munthu mmodzi amene sitinakumane naye n'komwe: Per Mertesacker.

Ambiri m'gulu lathu ndi ochemerera Arsenal, choncho ankamudziwa ngati chimphona cha mamita 1.98 chimene chinkatchinga kumbuyo limodzi ndi Laurent Koscielny. Amene anatilandira anayamba ndi kutitengera ku Pattensen, tauni yaing'ono kummwera kwa Hannover, kumene iye anakulira ndi kuyambira mpira ku timu ya TSV Pattensen. Malowo si ogometsa ayi. Pali bwalo, kanyumba kosinthiramo zovala, ndi makolo amene amadzipereka okha madzulo akaweruka ku ntchito. Kuchoka pamenepo mwanayo analowa timu ya ana ya Hannover 96 mu 1995, ali ndi zaka 11.

Apa mpamene panali nkhani yeniyeni. Ali mnyamata wa zaka za m'ma 15, anatalika mofulumira kwambiri moti mawondo anayamba kumuwawa, n'kukhala nthawi yaitali osasewera. Anali wochedwa, ndipo ngakhale bambo ake, amene ankaphunzitsanso mpira wa ana, sankamuwerengera m'gulu la amene adzafike patali. Komabe timu sinamutaye. Mu November 2003 mphunzitsi Ralf Rangnick anamuika m'masewero ake oyamba a Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, ndipo chiyambi chake chinali chowawa: anathyoka mphuno, posakhalitsa anadzigoletsa yekha. Chaka chisanathe chiyambireni, mu October 2004, Jürgen Klinsmann anamuseweretsa m'timu ya dziko pokumana ndi Iran.

Madzulo a tsikulo tinakangana kwambiri. Achikulire athu ena a ku Bangwe, amene aphunzitsa ana kwa nthawi yaitali kuposa tonsefe, ananena mosabisa kuti kwathu mwana wotere akanamuuza kuti akayese basketball. Ine ndinagwirizana nawo, chifukwa tikamasankha ana pa mabwalo athu a fumbi timayang'ana liwiro ndi kupyola anthu, basi. Wina anatsutsa kuti ku Germany angathe kudikira mwana chifukwa ali ndi madokotala ndi ndalama, pomwe ife mpira umodzi timagawana matimu awiri. Mfundo yake ndi yomveka, koma kudikira mwana amene mawondo akumuvuta pokula sikufuna ndalama zambiri. Kumafuna mphunzitsi wosafulumira kumuchotsa pa mndandanda pofuna kupambana kachikho ka Loweruka.

Tsiku lina tinapita ku bwalo lalikulu la Hannover 96, pafupi ndi nyanja ya Maschsee. Limalowa anthu 49,000 ndipo linachititsa nawo masewero a chikho cha dziko lonse cha 2006. Chikhocho ndi chimene chinakweza dzina la Mertesacker, chifukwa Germany inathera pa nambala 3 iye akutchinga pakati ndi Christoph Metzelder, ndipo chitangotha Werder Bremen inamugula pa mayuro 5 miliyoni. Ku Bremen anakhala mpaka mu August 2011 pamene Arsène Wenger anamutengera ku London.

Mphunzitsi wina wa ana kumeneko anatiika pansi n'kutionetsa zidutswa za masewero akale a Mertesacker. Anatiuza kuti tisayang'ane mpira koma tiyang'ane iyeyo. Zimene tinaona n'zoti munthuyu sankathamanga kwenikweni, ankangosuntha mapazi angapo mpira usanaponyedwe, ndipo wosewera kutsogolo akamafika ankapeza njira yatsekedwa kale, ngati mlenje wodziwa podutsa gwape. Sankakonda kudzigwetsa pansi polanda mpira, n'chifukwa chake makhadi achikasu anali osowa kwa iye. Ana athu timawaombera m'manja akagwetsa munthu ndi mpira womwe, koma wotchinga amene waima pabwino mpaka palibe chachitika sitimuona n'komwe.

Anzathu a Arsenal sanalole kuti tidumphe masewero omaliza a chikho cha FA cha 2017. Chaka chonsecho bondo linamugoneka, anali atasewera mphindi zosakwana 40, koma Koscielny ataletsedwa kusewera ndipo ena atavulala, anayamba nawo pokumana ndi Chelsea, n'kumutsekera Diego Costa pafupifupi masewero onse. Arsenal inapambana 2-1. Chinali chikho chake chachitatu cha FA, kuphatikiza cha 2014 ndi cha 2015 chimene anagoletsamo pokwapula Aston Villa 4-0. Ajeremani iwo amakumbukira kwambiri chikho cha dziko lonse cha 2014 ku Brazil: atapambana movutikira Algeria 2-1, Mertesacker anakalipira mtolankhani wa pa wailesi yakanema n'kunena kuti akukagona m'madzi oundana masiku atatu. Masewero otsatira anamukhazika pa benchi, sanadandaule, ndipo analowa ndime yachiwiri pamene ankagonjetsa Brazil 7-1. Atatenga chikhocho anasiya timu ya dziko atasewera masewero 104.

Pali mbali ina imene sitinkaidziwa. Mu March 2018, atatsala pang'ono kusiya mpira, anauza magazini ya Der Spiegel kuti masewero asanayambe ankachita nseru ndi kutsegula m'mimba chifukwa cha mantha, ndipo kuti Italy itawatulutsa mu 2006 anamva kupepukidwa mumtima. Ku Hannover mawu otere sawatenga mwachibwana, chifukwa goloboyi wawo Robert Enke, mnzake wa Mertesacker, anadzipha mu November 2009 atavutika ndi matenda a nkhawa. Aphunzitsi a ana kumeneko amafunsa mwana za kusukulu ndi za kunyumba asanamufunse za mpira. Kwathu mwana akati akuopa timamuseka kuti alibe mtima, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Mertesacker atasiya kusewera mu 2018 anapatsidwa udindo woyang'anira sukulu ya mpira wa ana ku Arsenal. Ife tisanakwere ndege yobwerera tinagwirizana zinthu ziwiri zoti tikayese. Mwana wa zaka 13 mpaka 16 asachotsedwe m'timu chifukwa chochedwa kapena kuwawa kwa mawondo, koma azipatsidwa ntchito yopepuka mpaka thupi litakhazikika. Chachiwiri, pa zokonzekera za sabata iliyonse pazikhala nthawi yophunzitsa otchinga kumbuyo poima, osati kungowathamangitsa kuzungulira bwalo. Tidzakumananso ku Ndirande ligi ya ana ikatha kuti aliyense adzafotokoze mmene zayendera.