Lipoti la ulendo wokaona AR pa ntchito ya mapulani a nyumba ku Area 47 ndi Area 49

Loweruka lapitali gulu lathu la ojambula mapulani, amisiri omanga ndi akalipentala a ku Mchesi linakacheza ku ofesi ina ya mapulani ku Area 47, ndipo masana tinapitirira pa puloti ya ku Area 49 pomwe akumanga nyumba ya zipinda zogona zitatu. Tinkafuna kuona momwe anzathuwo akugwiritsira ntchito augmented reality, mwachidule AR, njira yomwe chinthu chojambulidwa pa kompyuta chimaoneka ngati chaima pamalo enieni ukayang'anira pa kamera ya foni kapena tabuleti. Inu amene simunabwere, nazi zomwe tinatolako.

Ntchito imayambira pa kompyuta. Nyumba imajambulidwa mu 3D pa pulogalamu ya SketchUp, Revit kapena ArchiCAD, kenako imapeputsidwa. Mabauti, mkati mwa makabati, mitengo ya maluwa yodzaza masamba, zonsezi zimachotsedwa, chifukwa foni ikasenza fayilo yolemera chithunzi chimayenda modukizadukiza. Mukatero mumatulutsa mafayilo awiri: GLB ya mafoni a Android ndi USDZ ya iPhone ndi iPad. Msampha uli pa miyezo. GLB imawerenga mamita, pomwe ambirife timajambula m'mamilimita. Pulogalamu ikapanda kusintha bwino potulutsa fayilo, nyumba imakula ka 1,000, ndipo mumangoona khoma lopanda malire n'kumati foni yafa. Anzathuwo amaika kabokosi ka mita imodzi pakona ya chojambula chilichonse, ndipo asanaonetse kasitomala amakayeza ndi tepi pansi.

Si foni iliyonse ingathe. Apple inatulutsa ARKit, pulogalamu yoyendetsa AR pa iPhone ndi iPad, mu 2017, Google inatsatira ndi ARCore ya mafoni a Android mu 2018, koma ARCore imagwira pa mafoni okhawo omwe ali pa mndandanda wa Google, ndipo ambiri otsika mtengo mulibe. Onani mndandandawo musanagule. Kuyambira 2020, iPad Pro ndi ma iPhone a Pro ali ndi LiDAR, kachipangizo koyeza mtunda ndi kuwala mpaka pafupifupi mamita 5. Ameneyu amapeza pansi msanga, ngakhale m'chipinda chamdima pang'ono.

Foni yopanda LiDAR imadalira zomwe kamera ikuona: timadontho, ming'alu, mizere ya njerwa. Imatsata timeneti ukamayenda, n'kuphatikiza ndi timasensa tam'kati tomva kugwedezeka ndi kupendekeka kwa foni. N'chifukwa chake matailosi onyezimira, khoma loyera mbee ndi magalasi zimaisokoneza. Mu ofesimo pansi pali matailosi oterewa, ndipo sofa yojambula inkangoyandama m'malere. Atayala chitenje ndi nyuzipepala pansi, n'kuyendetsa foni pang'onopang'ono uku ndi uku kwa masekondi angapo, sofa inakhala pansi tsa. Pa silabu ya konkire yosasalala vutoli kulibe.

Ku Area 49 tinapeza silabu yathiridwa kale, makoma asanayambe. Kuti foni idziwe poimika nyumba yojambula, anzathuwo anamata pakona imodzi ya silabuyo pepala lokhala ndi chizindikiro chosindikiza, lokutidwa ndi pulasitiki yosanyezimira, ndipo kona yachiwiri anaigwiritsa ntchito powongola nyumba kuti isapotoke. GPS ya foni musaidalire pa izi, imaphonya ndi mamita angapo. Chomwe tonse tinachiona ndi kutsetsereka kwa chithunzi: ukazungulira nyumba n'kubwerera pomwe unayambira, khoma lojambula limapezeka lasuntha masentimita angapo, chifukwa tizolakwika ta sitepe iliyonse timaunjikana. Mankhwala ake ndi kumata zizindikiro zingapo n'kumayambiranso pa chomwe chili pafupi.

Dzuwa nalo ndi mdani. Masana sikirini sioneka, foni imatentha n'kuyamba kuchedwa, batire imatha ngati madzi m'dengu. Pitani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, tengani ambulera ndi pawabanki, ndipo fayilo muitsitsiretu kunyumba osayembekeza netiweki ya pa puloti.

Phindu lake tinalionera pa mayi mwini nyumba. Pulani ya papepala anaivomereza kalekale, monga amachitira makasitomala ambiri omwe mizere ija sawerenga koma amachita manyazi kufunsa. Atapatsidwa tabuleti n'kuima pomwe padzakhale khitchini, anatembenuka kawiri, n'kuloza pakona kufunsa ngati chitseko cha filiji chidzatseguke chonse. Sichikanatseguka: chikanagunda chitseko chotulukira kukhonde. Anaonanso kuti zenera la pa sinki layang'ana mpanda m'malo mwa bwalo lomwe ana azidzasewera. Kukonza zimenezi lero ndi ntchito ya ola limodzi pa kompyuta. Zikanaoneka makoma atafika pa lintala, ikanakhala nkhani ya kugumula, njerwa zina, simenti ina ndi mkangano wa yemwe alipire.

Akalipentala ndi omwe akuoneka kuti apindula msanga, chifukwa kabati ndi chinthu chimodzi m'chipinda chimodzi ndipo sichitsetsereka kwambiri. Kabati ya khitchini ya mamilimita 900 kutalika ndi 600 kulowa mkati mutha kuiimika m'nyumba ya kasitomala musanadule bolodi. Za mtundu wa penti zokha musalonjeze, sikirini iliyonse imaonetsa mtundu mwakemwake. Tengani kachidutswa kopaka kale. Komanso pa mafoni ena chojambulacho chimaphimba munthu kapena mzati womwe uli patsogolo pake, zomwe zimapusitsa diso pa kukula kwa malo.

Pa kuyeza maziko panali kukangana pang'ono. Achinyamata ena amati bwanji osangokhoma zikhomo potsata foni. Amisiri akuluakulu anakana, ndipo ine ndili mbali yawo. Foni yophonya masentimita atatu kapena asanu ndi yabwino poonetsa kasitomala, koma pa maziko imabala khoma lokhota ndi denga lovuta kukhoma. Pamenepo pakhalebe zikhomo, chingwe, tepi, levulo ndi njira ya 3-4-5 yowongolera makona, ndipo malire a puloti akhale a saveya. Ku khonsolo ya mzinda nakonso chomwe amavomereza ndi mapulani okhala ndi miyezo yolembedwa.

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi dzina la foni yake kuti tione ngati ili pa mndandanda, ndipo ojambula abweretse fayilo imodzi ya GLB ya chipinda chimodzi, kabokosi ka mita kali momwemo.