Ulendo wa ku Shambles, ma carer awiri okha

Sabata yathayi yanditopetsa abale. Lolemba mpaka Lachitatu zinali zomwe zija, kusambitsa, mankhwala, handover, wina wadwala rota (ndandanda ya mashifiti) yasokonekera, inu a m'ma care home, nyumba zosamalira okalamba, mukuzidziwa kale. Koma Lachinayi ndiye mtima unandiwawa.

Tinali ndi ulendo wopita ndi agogo amene timawasamalira ku York, mzinda wa ku England, kukaona Shambles, kamsewu kakalekale ka ogulitsa nyama kaja. Papepala tinalembedwa ma carer anayi. M'mawa tikungomva kuti awiri a agency, obwerekedwa ku kampani ina, awachotsa, ati bajeti. Tinatsala ine ndi mtsikana wina wangoyamba kumene, agogo asanu, awiri pa wheelchair, ndiye manja athu onse athera pomwepo, kuphatikiza bambo wina wa dementia, matenda oiwalaiwala, amene amayenda liwiro kuposa ine. Ndinawauza abwana kuti ulendowu tiusiye, iwo amvekere mabanja tawauza kale komanso zithunzi zikufunika pa Facebook.

Amene analemba risk assessment, pepala lounika zoopsa za ulendowu, ku Shambles sanapondeko, ndikulumbira. Msewuwo ndi wopanikizika zedi, nyumba zambiri ndi za m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, zipinda zam'mwamba zinachita kutulukira kunja moti penapake zimatsala pang'ono kugundana, amati zinkathandiza kuti nyama isaombedwe ndi dzuwa. Pakati pamene kale pankayenda magazi ndi zonyansa pali miyala, m'mbalimu timakhonde tokwera, wheelchair imangoti gwedegwede, ndiye onjezanipo alendo piringupiringu aliyense foni m'mwamba akujambula, ena pamzere wolowera m'mashopu a timitengo tamatsenga. Minibasi nayo siloledwa kulowa, tinatsikira patali n'kumakankha.

Agogo ena Achikatolika anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akapemphere m'kachipinda kokumbukira Margaret Clitherow, mkazi wa wogulitsa nyama amene anaphedwa mu 1586 pomupsinja ndi zinthu zolemera atakana kuyankha mlandu wobisa ansembe. Ndingawakanize bwanji, munthu wavala kolona kuchokera m'mawa? Ndili mkati molimbana kuti ndiwalowetse, mnzanga uja akukuwa kuti bambo aja sakuoneka.

Thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Ndinamusiyira onse anayi mwana wa eni akunjenjemera, ine kuthamanga mpaka ku King's Square, kulowa mu Shambles Market, kubwerera, m'mutu ndikungoona apolisi, a safeguarding ofufuza ngati okalamba sanasamalidwe bwino, visa yanga. Ndinakawapeza cha kumunsi ataima pawindo la shopu, akumenyamenya thabwa lalikulu la pansi pa windolo, kwinaku akuloza ngowe zachitsulo zili m'mwamba, kufotokozera alendo kuti nyama inkayalidwa apa, ina n'kukolekedwa apo. Paunyamata wawo ankagwira ntchito m'butchala, zili mu care plan, fayilo ya chisamaliro chawo, ndipo anthu anawazungulira kumamvetsera poyesa kuti ndi tour guide. Ndinalephera n'kuwakalipira komwe.

Lachisanu abwana akuti mu incident report, lipoti la zimene zinachitika, ndilembe kuti bambo aja anasowa chifukwa panalibe womuyang'anira mokwanira, basi. Ndinalembadi, koma ndinaonjezera kuti tinayenera kukhala anayi, tinapita awiri, ndipo ndinachenjeza tisananyamuke, rota ndinaijambulanso pafoni. Nkhope ya abwana inasintha, moni wa Loweruka sanandiyankhe. Zithunzi zija zili kale pa Facebook, aliyense akumwetulira, ndipo mwezi wamawa akuti tipite ku Whitby, kunyanja.