Zikomo kwa onse amene munandithandiza kufikitsa ana anga a ku Dzaleka pa mayeso

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zatuluka, ndipo chiyambire dzulo foni yanga sinapume. Ana amene ndinawalandira ali mu Sitandade 6, n'kuyenda nawo zaka zitatu kuno ku Dzaleka, ambiri akhoza, ndipo ena asankhidwa kupita ku sekondale. Anthu akundiyamikira ine chifukwa ndine amene ndinkaima pa bolodi. Koma mtima wanga sukulola kuti ndilandire ndekha mayamiko amenewa, choncho ndiloleni ndithokoze pagulu. Mayina sinditchula, pakuti ambiri mwa inu muli ndi zifukwa zomveka zosafunira kuti dzina lanu lizioneka pa intaneti. Mudzizindikira nokha.

Kwa amene simunafikeko, Dzaleka ili m'boma la Dowa, makilomita opitirirako pang'ono 40 kuchokera ku Lilongwe. M'nthawi ya Kamuzu inali ndende ya andale. Mu 1994, chaka chomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere, malowa anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Anakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. Ana awo amakhala pa desiki imodzi ndi ana a m'midzi yozungulira, ndipo onse amalemba mayeso amodzimodzi a MANEB, kuphatikizapo pepala la Chichewa. Phunziro limenelo ndi limene ndinapatsidwa ine.

Ndiyambe ndi inu mayi a ku Uvira, m'dziko la Congo, amene mumagulitsa chapati pafupi ndi msika. Mwina simukudziwa kuti ndinu amene munasintha kaphunzitsidwe kanga. Teremu yoyamba ndinkabwerera kunyumba bolopeni yofiira itatsala pang'ono kutha. Ndikati lembani zimene mukuchita panopa, ana ankalemba kuti "ndinadya", "ndinalemba". Ndinkadula n'kulemba kuti "ndikudya", mawa lake cholakwa chomwecho n'kubweranso. Ndinafika poganiza kuti akuchita dala, ndipo mwana wanu ndinamukalipira pamaso pa anzake. Inu munabwera m'mawa mwake, osakwiya, m'manja muli ufa, ndipo m'Chichewa chanu chodukaduka munandiuza kuti m'Chiswahili "ninakula" ndiye kuti ndikudya panopa. Ka "na" kamene kwa ife kamanena za kale, kwa iwo kamanena za tsopano. Ndinachita manyazi kwambiri. Miyezi itatu yonse ndinkadula chinthu chimene sindinachimvetse.

Kuchokera tsiku limenelo ndinagula kope langalanga, n'kumalemba zimene ana akundiphunzitsa. Mnyamata wina atalemba kuti "ndege zikudya chimanga kumunda" sindinasekenso, ndinafunsa, ndipo ndinamva kuti kwawo ndege ndi mbalame. Akalemba kuti "mbuzi akudya" ndinadziwa kuti Chiswahili chimaika nyama m'gulu la anthu, choncho ndinkayambira pomwepo pophunzitsa magulu a mayina. Ana a Chirundi ndi Chinyarwanda ankalemba "mvura" chifukwa kwawo ndi imvura. Vuto lalikulu linali "h" wa mu kh, ph ndi th. Tinkaika kapepala kutsogolo kwa milomo n'kumanena kuti "kupika", kenako "kuphika", ana n'kumaona okha pomwe kapepalako kakugwedezeka. Tinagawanso khoma lina m'mizere: madzi, maji, amazi, munthu, mtu, umuntu, nkhuku, kuku, inkoko. Ana a m'midzi ya ku Dowa anadabwa kuona kuti anzawo amene ankawati alendo amalankhula zinthu zapachibale ndi zathu. Kunyozana kunachepa chifukwa cha khoma lija kuposa chifukwa cha malangizo anga onse. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mayi, asante sana.

Kwa inu bambo achikulire amene munali mphunzitsi ku Gitega, m'dziko la Burundi, nkhondo isanakuthamangitseni, sindikudziwa kuti ndingathokoze bwanji. Ife Amalawi tikakumana timafunsana kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, mfunda wanu ndi chiyani. Wina akati ndine Phiri, wina Banda, macheza ayambika. Ine ndinalowa nazo zimenezi m'kalasi. Ndinapereka chimangirizo cha mutu wakuti "Mudzi wathu", ndipo ndinawonjezera kuti aliyense atchule mtundu wake. M'kalasi munangoti zii. Mtsikana wina anapereka pepala lopanda kanthu, wina anatuluka osapempha, ndipo sanabwere masiku awiri. Inu munandiitanira kunyumba kwanu, munandipatsa tiyi, n'kundifotokozera modekha kuti ku Rwanda mu 1994, ndi ku Burundi kuyambira 1993, funso limenelo linkafunsidwa pa zotchinga za m'misewu, ndipo yankho lake ndi limene linkanena ngati munthu apitirire kapena afere pomwepo. Makolo ambiri kuno salola ana awo kutchula mawu amenewo. Munandiuzanso kuti ana ambiri anabadwira mumsasa muno, mudzi umene ndinkaufunsawo sanauonepo. Sindinagone usiku umenewo. Lolemba lake ndinapepesa kwa kalasi yonse, ndipo mutu tinausintha kukhala "Malo amene ndimawakonda". Mtsikana wa pepala lopanda kanthu uja analemba masamba awiri za mjigo umene amatungako madzi ndi mng'ono wake. Wakhoza, bambo. Murakoze cane.

Chaka cha 2023 ndiye chinali chowawa. Boma litalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, m'mwezi wa Meyi magalimoto anayamba kutsitsa mabanja ochokera ku Lilongwe ndi madera ena. M'masabata ochepa kalasi inadzaza mpaka ena kukhala pansi penipeni pa bolodi, ine n'kumalemba nditaima chammbali. Ana atsopanowa anali okwiya, ndipo m'pomveka. Ambiri anakulira m'tauni, Chichewa chili phaa ngati cha mwana wa ku Kawale, koma mwadzidzidzi anauzidwa kuti kwawo ndi kuno. Anzawo a mumsasa ankawaseka kuti Chiswahili sachidziwa bwino. Ndewu zinkabuka pafupifupi tsiku lililonse pa nthawi yopuma. Nthawi yomweyo thandizo la chakudya linachepa, ndipo ana ankasinza m'kalasi 10 koloko isanakwane. Ndinalemba kalata yopempha kuti andisamutse. Ndikuulula zimenezi chifukwa ndi zoona.

Kalatayo sinapite chifukwa cha inu anzanga a mu sitafu. Madamu a Sitandade 5, ndinu amene munati ana a m'tauniwo tiwaike mmodzimmodzi m'gulu lililonse kuti azimasulira. Ndinakayika, koma zinagwira. Mwana amene dzulo ankasekedwa anasanduka wofunika, aliyense akumuitana kuti amuthandize kumva funso. Inu achimwene a ku Mangochi, munandiphunzitsa za Ramazani: kuti ana a Chisomali ndi ena achisilamu akamasala, mayeso a m'kalasi ndiziwapereka m'mawa, ndipo Lachisanu ndisamawatsekereze nthawi ya swala. Ana a Chisomali ndi a ku Ethiopia ndi amene khoma lathu la mawu silinkawathandiza, poti zinenero zawo si zapachibale ndi zathu. Inu munkatsala nawo madzulo popanda malipiro alionse, kuyambira pa a, e, i, o, u. Ndipo aphunzitsi odzipereka a mumsasa, amene ena mwa inu muli ndi madigiri a kwanu koma mumalandira kangachepe, munkalowa m'kalasi mwanga pa nthawi yanu yopuma kudzafotokoza m'Chifalansa zimene ine ndalephera kuzifikitsa. Ku koleji tinaphunzira zambiri zabwino, koma za kalasi ya zinenero zisanu ndi chimodzi ndinaziphunzira kwa inu.

Makolo a m'midzi yozungulira, nanunso zikomo. Ndikudziwa kuti pa msonkhano wina munadandaula kuti ana anu akubwera kunyumba akulankhula Chiswahili. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo agogo ena anaimirira n'kunena kuti iwo anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo anapulumuka chifukwa chophunzira chinenero cha eni dziko ndi cha anzawo a m'komboni. Nkhani inathera pomwepo. Chaka chotsatira ndinu amene munabweretsa chimanga ndi soya zophikira phala nthawi ya maphunziro a m'mamawa.

Bambo a kunyumba, munandipirira pamene makope ankadzaza pa mphasa mpaka pakati pa usiku. Munkayatsa tochi ya foni yanu magetsi akathima, ndipo tsiku lija ndinalira ndi kalata m'manja simunandiuze chochita, munangoti tidikire sabata imodzi. Zikomo.

Tsopano kwa inu ana anga. Pa chikondwerero cha nyimbo ndi magule cha Tumaini, cha mumsasa muno, chaka chatha ndinakuonani mukuvina, wa ku Dowa ali pakati pa gule wa ku Congo, ndipo ndinabisa nkhope m'chitenje kuti musaone misozi. Amene mwasankhidwa, pitani mukalimbikire, ndipo musataye zinenero zanu. Awiri amene munanyamuka ndi mabanja anu kupita ku Canada mayeso asanafike, mauthenga anu ndawalandira, anzanu akupereka moni. Amene mwakhoza koma malo a ku sekondale sanapezeke, musakhale pakhomo, uzani makolo abwere tidzaone limodzi njira zimene zilipo. Amene simunakhoze, ndikukudziwani mmodzimmodzi, ndikudziwanso zimene munkasenza pobwera kusukulu. Lolemba 8 koloko m'mawa, imene kwanu mumati saa mbili, ndidzakhala m'kalasi mwathu muja. Mudzabwere ndi makope anu akale.